Nkhoswe ya Maungu

Mavu atatu okha ndiwo anapha Edina. Ambiri akamva sakhulupirira, koma amene anali m'dambo tsiku limenelo amanena chimodzimodzi: atatu basi, limodzi pakhosi, awiri pamkono.

Unali mwezi wa Epulo, chaka cha 2011, m'mudzi wina kuseri kwa Msundwe. Edina ankalambula udzu pa chulu chakufa m'mphepete mwa dimba lake, ndipo khasu linagunda pa dzenje limene mavu anamangamo chisa. Poyamba iye anaseka. Anauza mwamuna wake Elifasi kuti, "Abambo a Rejoice, alendo andilonjera kuno." Patangopita kanthawi mawu anayamba kuchepa, nkhope n'kutupa, mpweya n'kumabanika. Elifasi anathamanga kukamanga ng'ombe pangolo. Pamene ngoloyo inkafika pamsewu wa tala, Edina anali atasiya kale kupuma, mutu wake uli pamiyendo pa mkulu wake Ezeliya.

Inu amene mukuwerenga muli ndi katundu wanu pamtima, khalani nane pang'ono. Munthu amene ndikufuna mumudziwe ndi Elifasi ameneyu.

Elifasi anali mwana wamasiye wochokera cha ku Kabudula. Anakulira m'makomo a anthu, sukulu analekezera Sitandade 5, kenaka n'kumayenda m'minda ya fodya kugwira ganyu. Atakwatira Edina anakhala pachikamwini. Nyumba inali pamalo a kuchikazi, munda wa kuchikazi, dimba la kuchikazi. Ana awiri amene anabereka, Rejoice wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Tamara wa zaka zinayi, nawonso anali a mbumba ya kuchikazi. Mwambo wake tonse timaudziwa: mkazi akamwalira, pakapita miyezi akuchikazi amakhala pansi n'kumusudzula mkamwini. Amamuthokoza, n'kumuuza kuti ndi mfulu, abwerere kwawo. Ana amatsala.

Kwawo kwa Elifasi kunalibe ndi mtengo womwe woti akakhale pamthunzi pake. Zonse zimene anali nazo padziko zinali atsikana awiri aja.

Maliro atatha, chimanga cha m'nkhokwe chinali chitathera anamfedwa ndi alendo. Elifasi anabwereka sipuleya ya kumsana ndi mankhwala otsala a fodya, n'kutsikira kudimba. Chulu chija anachiotcha ndi moto mpaka dothi linafiira. Sanalekere pomwepo. Dzenje lililonse limene anaona m'nthaka, lalikulu kapena laling'ono ngati la bango, analithira mankhwala n'kulipondereza ndi chidendene. Atadzala maungu ndi nkhaka, chilichonse cholira m'masamba ankachipopera. Njuchi, mavu, bemberezi, kwa iye zonse zinali ndi mlandu umodzi.

Dimba linakhala chete. Elifasi anaona ngati wapambana.

Maungu anayanga bwino zedi. Pofika Ogasiti masamba anali ngati maambulera, maluwa achikasu mbwee. Timaungu tinkatuluka, kufika ngati dzira la nkhuku, kenaka n'kuchita chikasu, n'kufota, n'kugwa. Sabata yoyamba anati ndi chisanu. Sabata yachiwiri anawonjezera manyowa. Sabata yachitatu timaungu tinali tikugwabe.

Paja kwathu kuno timati dzungu laling'ono sililozedwa ndi chala, limafota. Njira ya kuchitsime inkadutsa m'mbali mwa dimba lake, ndiye anthu anamuuza kuti alipo amene akumulozera maungu mwadala. Elifasi anamweta udzu masiku anayi, n'kumanga mpanda wautali kuposa munthu kuti chala chisaone polozera. Timaungu tinapitiriza kugwa mkati mwa mpanda. Pamenepo manong'onong'o anasintha. Ena anayamba kunena kuti mzimu wa Edina sukumufuna pamalopo.

Tsiku lina kunabwera Zikani, mlongo wake wa Edina, amene anali mwinimbumba. Sanali munthu woipa mtima, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Anasuzumira mumpanda, n'kuliza kamluzu.

"Alamu, nkhalango mwalima. Koma ana anga aja ndi mbuzi kodi, kuti azidya masamba okhaokha?"

Elifasi anapitiriza kuthirira.

"Ndisakubisireni," anatero Zikani, nthabwala zitatha. "Kumunsi uku ndikutenga sabata ino, ndifese nazale ya fodya. Kumtundaku khalani nako mpaka Novembala, tsiku losudzula. Achemwali anga a Ezeliya anena kuti ana akudya kwa iwo kale masiku ambiri. Ngati pofika tsikulo mudzakhale mukulepherabe kuwadyetsa, ana adzapita kwa iwo, inu mudzapita kwanu. Ine ndakamba nawo, koma mukuwadziwa."

"Ndamva, alamu."

Popeza maungu kunalibe, Elifasi anayamba kuthyola nkhwani ndi chiluwe, maluwa aja timadya ngati ndiwo, n'kumakagulitsa pamsika wa Msundwe. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Mayi Tisiyenji, amene ankaphika zakudya zogulitsa kuseri kwa msika. Anali mayi wachikulire, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Pa utsikana wawo anagwira ganyu zaka zambiri m'minda yoyeserera mbewu ku Chitedze, ndipo ntchito yawo inali yokwatitsa maluwa a mtedza ndi manja.

Mayiwo anatenga duwa limodzi pamulu wa Elifasi, n'kulitsegula, n'kutenganso lina.

"Bambo, dimba lanu lili pansi pompano kapena lili m'botolo?"

"Bwanji mayi?"

"Chiluwe cha anzanu ndimachita kukutumula tizilombo ndisanaphike. Chanuchi taonani, mungu uli thithithi, palibe chalowamo. Maungu akubereka kumeneko?"

Elifasi anafotokoza za timaungu togwa, za zala za anthu, za mpanda. Mayi Tisiyenji anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake analeka. Anamukokera kabenchi. Ndipo munthu amene sanalankhule za imfa ya mkazi wake kwa wina aliyense anaifotokoza yonse kwa mlendo, pakati pa utsi ndi phokoso la msika, mpaka za sipuleya.

"Pepani, bambo. Pepani ndithu," anatero mayiwo. "Koma ndikuuzeni zoona, poti bodza silingakudyetsereni ana. Chala sichipha dzungu. Dzungu limafota likasowa mwamuna."

Anamuonetsa duwa limene linali m'manja mwawo. Limeneli, lokhala pa kamtengo kowonda, ndi lachimuna. Lina lija limatuluka ndi kadzungu kunsi kwake ndi lachikazi. Ufa wachikasu wa mu lachimuna ukapanda kufika mu lachikazi tsiku limene latsegula, kadzungu kamafa. Amene amaunyamula ufawo ndi njuchi, ndipo zambiri mwa izo sizikhala m'ming'oma kapena m'mphako. Zimakumba timaenje m'nthaka, pafupi ndi maluwa omwewo.

"Ankhoswe onse mwawapha, bambo. Ndiye unkhoswewo muugwire nokha mpaka ena adzabwere."

Anamuuza kachitidwe kake. Alawirire m'mamawa maluwa akadali otsegula. Athyole lachimuna, asende masamba ake achikasu, kamtima kotsalako akapake pakati pa lachikazi pang'onopang'ono, ngati mmene amapakira mankhwala m'diso la mwana. Akamaliza amange kaluzi pa tsinde kuti adziwe limene wathana nalo. Sipuleya abweze kwa mwini wake.

"Ndiye china chovuta ndi ichi," anapitiriza. "Mukadzaona dzenje latsopano, musadzaliponde. Mudzakhale pansi chapatali, muone amene akutulukamo."

"Zimenezo sindingathe, mayi."

"Mungathe. Mdani amene simukumudziwa nkhope amakuchititsani kupha ndi abale anu omwe."

M'mawa mwake Elifasi anagwada m'mizere. Manja ake anazolowera khasu ndi nkhwangwa, ndiye maluwa oyambirira anawaphwanya. Tsiku lachiwiri anachedwa chifukwa Tamara anadzuka ndi malungo, ndipo anapeza maluwa atatseka kale. Tsiku lachitatu anathirira asanapake, mungu n'kunyowa. Mwa maluwa makumi awiri oyamba amene anamanga luzi, ambiri anagwa ngati kale. Anapitiriza.

Mpanda uja sunabise kanthu. Amayi opita kuchitsime anasuzumira n'kuona bambo wamkulu ali chogwada, akupsompsonetsa maluwa. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Akamadutsa pa bawo anthu ankamukuwa.

"Ankhoswe! Ukwati wa lero ndi wa yani?"

"Chinkhoswe chokhachokha, madyerero tidzaitanidwa liti?"

Zikani, amene ankathirira nazale yake kumunsi, anamuitana pambali. "Alamu, anthu akuti mutu wayamba kuzungulira. Ine ndikuwayankha kuti unali wozungulira kale pamene munkafunsira mlongo wanga. Koma zoona, muli bwinobwino eti?"

"Ndili bwino, alamu. Ndipatseni masiku."

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anapeza kadzungu kamodzi ka luzi katapitirira msinkhu wa dzira. Kanali kobiriwira, konyezimira, kolimba. Tsiku lotsatira kanali ngati chibakera. Elifasi anaima n'kumakayang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo, poti zala zake anali asanazikhulupirire kwenikweni. Sanauze munthu.

Kuyambira pamenepo ankagwada m'mawa uliwonse, maluwa makumi atatu, nthawi zina makumi anayi, kenaka n'kunyamula makheni kuthirira mpaka dzuwa lili pamutu. Msana unkawawa, mawondo anachita zikang'a. Maungu anayamba kugona pansi pa masamba. Koma nkhaka zinakanabe. Maluwa ake ndi aang'ono ndiponso ochuluka, zala za munthu mmodzi sizikanawatha.

Kumapeto kwa Seputembala anaona chimene ankachiopa. Pamalo ouma, opanda udzu, pafupi ndi chitsime cha m'dimba, panali kadzenje katsopano kokhala ndi kamulu ka dothi pakamwa pake. Phazi linanyamuka lokha kuti liponde. Analibweza. Anatenga kheni, n'kuivundikira chapatali, n'kukhalapo.

Anadikira. Kenaka kanabwera kanthu kakang'ono, konenepa, kaubweya, miyendo yakumbuyo itadzaza ufa wachikasu ngati mwana wochokera kuchigayo. Kanazungulira kamodzi, n'kulowa. Palibe china chinakatsatira. Patapita nthawi kanatuluka, n'kulunjika ku maluwa a nkhaka, osamulabadira n'komwe.

Tsiku lotsatira timaenje tinali titatu. Sabata itatha tinali toposa khumi, ndipo kalikonse kanali ndi mwini wake mmodzi. Elifasi ankati akamaliza kuthirira n'kukhala pa kheni paja, kumaphunzira. Anaona kuti njuchi ya m'nthaka ndi yaubweya, yaifupi, ndipo imabwera kwawo itanyamula mungu. Mavu ndi osalala, onyezimira, m'chiuno mowonda ngati ulusi, miyendo ikulendewera pouluka. Anaonanso kuti ngakhale mavuwo si amodzi. Tsiku lina vu lakuda linadutsa pafupi ndi phazi lake likukoka mbozi imene inkadya masamba ake, n'kulowa nayo m'dzenje lake lokha, n'kutsekapo. Atakafotokoza kwa Mayi Tisiyenji pa tsiku la msika, iwo anagwedeza mutu.

"Limenelo ndi waganyu wanu wosalipidwa, musiyeni. Wokhala yekha alibe mudzi woti auteteze, saputa munthu pokhapokha mutamufinya. Muziopa dzenje limene akulowa ndi kutuluka ambiri pakhomo limodzi, ena ataima pakhomopo ngati alonda. Pamenepo pali chisa."

Kuti asalime kapena kuthira madzi pa timaenje ta njuchi, Elifasi anazika kabango pambali pa kalikonse. Pasanathe milungu iwiri nkhaka zinayamba kugwira.

Mabango amenewo ndiwo anamubweretsera tsoka lina. Nkhani inafika kwa Ezeliya kuti mkamwini akusunga maenje a zoluma m'dimba la malemu, mpaka kuwaikira zizindikiro. Madzulo ake Ezeliya anafika pakhomo pa Elifasi, osakhala ndi pansi pomwe.

"Alamu, ndamva mwayamba ulimi wa ziweto. Nkhuku zakukanikani, mwati muwete zimene zinapha mng'ono wanga?"

"Alamu, si zomwezo. Mutabwera kudzaona..."

"Ndinaona kale! Ndinaona pangolo paja. Inu munali kutsogolo ndi ng'ombe, amene ndinamuona akutupa ndi ine." Anatembenuka. "Rejoice, tenga mphasa ndi bulangete. Nyamula mng'ono wako. Novembala watalika."

Tamara anagwira mwendo wa bambo ake akulira, "Ababa, ababa," mpaka anachita kumukanganula. Elifasi anangoima pakhomo. Mkamwini sakanganirana ana ndi eni mbumba.

Tisafulumire kumuweruza Ezeliya. Anali mayi wa Chigwirizano kutchalitchi, wodziwika pothandiza odwala, ndipo ndi iye amene analera Edina mayi awo atamwalira. Chimene Elifasi anachita ndi sipuleya mu Meyi, Ezeliya ankachichita tsopano ndi ukali. Onse awiri ankathawa chinthu chimodzi.

Elifasi anadziwa kuti njira yachidule ilipo. Akanazula mabango, n'kubwerekanso sipuleya, mwina ana akanabwerera mawa lake. Koma nkhaka zikanaleka kugwira, ndipo chaka chamawa dimba likanakhalanso chete. Analingaliranso kuti atsikana akewo adzakula n'kulima m'dambo lomwelo, iye alipo kapena palibe, ndipo chimene chingadzawateteze ndi kudziwa dzenje loopsa. M'mawa mwake anatsikira kudimba, n'kugwada m'mizere monga mwa masiku onse. Ankati akadula nkhaka n'kukazisiya pakhonde pa Ezeliya. Tsiku loyamba zinabwezedwa. Tsiku lachiwiri zinabwezedwa. Tsiku lachitatu sizinabwerere, ngakhale panalibe mawu.

Kumapeto kwa Okutobala, Ezeliya anamva kuti mabango achuluka m'malo mochepa. Anatenga khasu n'kutsikira kudambo dzuwa litangokwera. Elifasi anali pakati pa mizere pamene anamva khasu likugunda. Mlamu wake anali atazula kale mabango anayi n'kugaula timaenje take.

"Alamu, chonde."

"Ngati inu mwalephera kuyeretsa dimba la Edina, ndiyeretsa ine."

Anapitiriza kutsika ndi mtumbira, akugaula, mpaka anadutsa malire n'kufika kumbali ya Zikani, pamene panali mulu wa udzu wotsala pophimbira nazale. Kunsi kwa muluwo kunali una wakale wa mbewa. Elifasi sankafika mbali imeneyo, ndipo unawo anali asanauonepo. Anauona pamene Ezeliya ankakweza khasu. Pakamwa pa unawo panaima tinthu tiwiri tonyezimira, tam'chiuno mowonda, ndipo kachitatu kanali kakutera.

"Ezeliya, imani! Musatsitse khasu limenelo!"

Chikwatirire pamudzipo anali asanamutchulepo mlamu wakeyo dzina. Mwina n'chifukwa chake mayiyo anauma pomwepo, khasu lili m'mwamba.

"Musakupize manja. Bwererani chafutambuyo, pang'onopang'ono. Phazi lina. Linanso. Bwerani kuno kuli ine."

Atafika patali, Elifasi anamulandira khasu. "Tsopano yang'anani pamene munafuna kugaula."

Anayang'ana onse awiri. Awiri analowa, atatu anatuluka, ena anayi n'kubwera motsatana. Pakhomo alonda sanachoke.

"Bwerani muonenso kuno," anatero Elifasi. Anapita naye pafupi ndi chitsime, pa kabango kamene kanatsala. Anagwada n'kuika dzanja lake pansi, chala chikukhudza kamulu ka dothi.

"Alamu, chotsani dzanja!"

"Dikirani."

Kanjuchi kanabwera ndi katundu wake wachikasu. Kanazungulira dzanjalo kawiri ngati kakudabwa kuti pakhomo pabwera phiri, kanatera pa chala, n'kuyenda, n'kulowa m'dzenje mwake.

"Aka ndi kamene kabereketsa nkhaka zimene ana akudya kwanu," anatero Elifasi. "Awo ali apo ndi amene anatitengera Edina. Ine ndinapha onse pamodzi, dimba n'kufa. Ndikanadziwa kusiyanitsa chaka chatha, chulu chija ndikanachiona iye asanafikepo ndi khasu."

Ezeliya anakhala pansi padothi. Anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira, kulira kumene sanalire pamaliro chifukwa chotanganidwa ndi alendo.

"Ankandiyang'ana, alamu. Ankafuna kunena kanthu, mawu osatuluka."

"Ine ndinkangokwapula ng'ombe. Sindinatembenuke n'komwe. Ndinkaopa."

Anakhala pomwepo nthawi yaitali, mlamu ndi mlamu wake, mpaka maluwa a tsiku limenelo anatseka osapakidwa.

Chisa chija sanachithamangire. Masanawo Elifasi anatchinga njira ndi nthambi za minga n'kuchenjeza onse othirira kumunsi. M'bandakucha wotsatira, kukadali kachisisira, mavu onse ali m'kati ndiponso ali ofooka, anavala jombo, malaya awiri ndi thumba kumutu loboola m'maso. Anafukiza ndowe zouma za ng'ombe pakamwa pa una, kenaka n'kumatapo dothi lamakande lonyowa, lochindikala, n'kusanjikapo mwala. Anayang'ana mbali zonse ngati pali khomo lina. Zikani, mwini nazale, anaima pamtunda wa mayadi makumi asanu atafunda bulangete.

"Limbani mtima alamu, ndili nanu limodzi!"

"Bwerani pafupi mundigwirire ndowa."

"Ayi, kuno ndiye ndikuona bwino. Wina azitsala woti akanene kumudzi."

Loweruka lachiwiri la Novembala mbumba inasonkhana pakhomo pa Ezeliya. Pofika tsikulo maungu a Elifasi anali atayamba kulowa m'nyumba za pamudzi, ena atapita kumsika pangolo n'kubwerako matumba a chimanga. Koma ana anali akugonabe kwa mayi awo aakulu, ndipo Ezeliya anali asananene kanthu. Elifasi anakhala pansi kumapeto kwa mphasa, atachapa malaya ake amodzi a kutchalitchi. Mkulu wa mpingo atapemphera, Zikani anaimirira, nthabwala atazisiya kunyumba.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, ndipo mwamulira mokwanira. Tilibe nanu chifukwa. Lero tikukumasulani. Ndinu mfulu."

Elifasi anawomba m'manja mwaulemu monga mwambo ufunira. Anayang'ana Rejoice ndi Tamara amene anakhala kumbuyo kwa azimayi, n'kuyamba kudzuka.

"Khalani pansi, sindinalankhule ine," anatero Ezeliya.

Anakhala.

"Mkamwini tamumasula, ameneyo wapita. Koma ine ndilibe mng'ono tsopano, ndipo ndikanakhala nditamutsatira mwezi wathawu pakanapanda munthu uyu. Ana awa ali ndi bambo. Dimba la Edina lili ndi wolidziwa. Elifasi, kuyambira lero ndinu mlongo wanga. Mukadzafuna kukwatira, mkaziyo adzabwere pano pachitengwa, tidzamulandira. Alipo wotsutsa?"

Zikani anakanda mutu. "Ndiye kuti nazale yanga chaka chamawa ndikafese kuti?"

"Pomwe munafesa chaka chino, ngati mchimwene wanuyu angakuloleni. Rejoice, tenga mphasa ndi bulangete, muzipita kwanu."

Tamara sanadikire mphasa. Anadumpha miyendo ya anthu akuluakulu n'kukagwera pachifuwa pa bambo ake.

Zaka zapitapo. Elifasi akadali m'dambo lomwelo, ndipo dimba lake limatulutsa maungu, nkhaka ndi mavwende amene amafika mpaka ku Namitete. Mpanda anaugwetsa. Pafupi ndi chitsime amasiya dala malo ouma osalima. Munthu akapeza dzenje lokayikitsa kumunda, pakhomo kapena pabwalo la sukulu, amatuma uthenga kwa iye, ndipo iye amafika, n'kukhala pansi chapatali, n'kuyamba wayang'ana. Maenje ambiri amawasiya. Ochepa amawatseka. Atsikana ake onse awiri anawaphunzitsa mpaka sekondale.

Okondedwa awerengi, mwina nanunso chilipo chimene chinakulumani, ndipo kuyambira tsiku limenelo mukuponda dzenje lililonse. Wina anakunamizani, ndiye simukhulupiriranso munthu. Munalephera mayeso kamodzi, ndiye buku lililonse ndi mdani. Palibe amene angakudzudzuleni, ululu ndi ululu. Koma bwererani pang'ono, mukhale pansi, muyang'anitsitse. Mwina zambiri zimene mukuthamangitsa ndi zimene zikanakudyetsani. Ndipo ngati okuthandizani sanafike, gwirani ntchitoyo ndi manja anu, anthu akuseka, mawondo akuwawa, mawa n'kubwereranso. Musataye mtima, abale anga. Kukacha, dzukani mupite kudimba.